Sabata imodzi ku Kenya: kutsatira ndalama kuchokera kwa wopanga mpaka kwa wogula

Lolemba, Nairobi

Ndege yochokera ku Lilongwe imafika pa bwalo la Jomo Kenyatta patangodutsa maola awiri ndi mphindi zingapo, ndipo wotchi imayenera kukankhidwa ola limodzi kutsogolo. Ophunzira za bizinesi omwe ali pa ulendowu apatsidwa mafunso atatu okha oti azifunsa paliponse pomwe tafika: ndalama ikusungidwa ndi ndani, wopanga katundu amadikira masiku angati kuti alipidwe, ndipo katunduyo amawonongekera pati.

Tayambira pa kakauntala kobiriwira ka M-Pesa. Kampani ya mafoni ya Safaricom inakhazikitsa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, mu Malichi 2007, koma poiyesa ku Thika mu 2005 cholinga chinali china: kuti anthu azibwezera ngongole zazing'ono kudzera pa foni. Oyesawo anaona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama okhaokha, ndipo anasintha malonda onse kuti atsate zomwe makasitomala ankachita kale. Airtel Money ndi Mpamba zinabwera kwathu patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Ntchito ya ejenti imaoneka yophweka mpaka utawerengera floti, ndalama zogwirira ntchito za mu foni ndi za m'kabati. Tiyerekeze kuti ejenti wayamba tsiku ndi mashilingi 100,000: theka lili mu foni, theka lili m'kabati. Kasitomala akaika 10,000, kabati imakwera kufika 60,000 koma foni imatsika kufika 40,000. M'tauni anthu ambiri amaika kuti atumize kumudzi, ndiye pofika masana foni yauma pomwe kabati yadzaza, zomwe zimaitana akuba. Kumudzi ndi mosemphana: aliyense akufuna kutapa, kabati imauma. Ejenti wakumudzi amalipira thiransipoti kukatapa ku banki, ndipo maola omwe wachokapo kauntala ndi yotseka. Komishoni imabwera pakutha pa mwezi, choncho amene akudya floti pogula ndiwo za tsikulo akudya mpamba. Zina zomwe zimagwetsa maejenti ndi kusakaniza ndalama za golosale ndi za kauntala, komanso kupereka ndalama potengera uthenga womwe kasitomala waonetsa pa foni yake m'malo modikira uthenga pa foni ya ejenti.

Pogula zinthu pa M-Pesa pali manambala awiri osiyana. Ya Buy Goods ndi ya pasitolo: ulemba nambala ya thilu ndi ndalama basi, ndipo nthawi zambiri wogula sadulidwa kanthu. Ya Paybill imafuna nambala ya akaunti, ndiye ndi yoyenera sukulu, lendi ndi madzi, pomwe wolandira ayenera kudziwa kuti walipira ndani. Mwini bizinesi yaing'ono amapindulapo chinthu chomwe kope lake silingamupatse: mbiri ya malonda a tsiku lililonse yomwe wobwereketsa ndalama angaikhulupirire.

Lachiwiri, Kamukunji ndi Gikomba

Kamukunji umaimva usanaione. Nyundo mazanamazana zikumenya malata nthawi imodzi, moti funso umachita kulifunsira m'khutu. Amisiri a kuno amatchedwa jua kali, kutanthauza dzuwa loswa mtengo, chifukwa ankagwira ntchito pamtetete mpaka Pulezidenti Moi atawalonjeza mashedi cha m'ma 1985. Amapanga mabokosi a malata a ana a sukulu zogonera komweko, mawilibala, masefuliya, ziwaya ndi mbaula, zambiri kuchokera ku madiramu akale.

Mbaula ya makala yomwe amaitcha Kenya Ceramic Jiko, yopangidwa koyambirira kwa zaka za m'ma 1980, ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa imadutsa m'manja ambiri. Wina amang'amba diramu ndi kuliwongola. Wina amadula zidutswa potsata chikombole. Wachitatu amapinda zigawo ziwiri zomwe zimakumana pakati ngati chiuno, kenako zimalumikizidwa ndi mariveti, n'kuikapo kachitseko ka mpweya, miyendo, zogwirira ndi tizitsulo titatu tokhazikapo poto. Mbale ya dongo yokhala ndi mabowo imachokera kwa oumba kwina, ndipo imamatidwa m'kati ndi simenti yosakaniza ndi vermiculite, timiyala topepuka tosadutsa kutentha, kuti moto usathawire m'mbali. Palibe bwana mmodzi. Aliyense amalipidwa pa chidutswa chomwe wamaliza, tsiku lomwelo.

Mbale ya dongo ndi pomwe mbaula imafera. Ikaotchedwa isanaume bwino, kapena dongo likachepa mchenga, imang'aluka pa sabata zoyamba. Wophika akazimitsa makala pothira madzi mbale ili yotentha, imasweka ngakhale itaumbidwa bwino. Diramu nalo lili ndi zake: lomwe munali mafuta likadulidwa ndi moto lisanatsukidwe limaphulika, ndipo lomwe munali mankhwala siliyenera kusanduka chiwaya.

Vuto lalikulu la pano si luso. Mmisiri akatulukira kapangidwe katsopano, anzake oyandikana nawo amakhala atakopera sabata isanathe, mtengo n'kutsika mpaka phindu kutsala la chakudya cha tsikulo. Ndipo popeza aliyense ali ndi muyezo wake, sitolo yaikulu yofuna mawilibala 500 ofanana ndendende imavutika kuoda kuno. Aliyense amene anayendapo kwa owotcherera a ku Ndirande kapena ku Mchesi azindikira zomwe tikunena.

Masana tawolokera ku Gikomba, msika waukulu wa kaunjika, yemwe kuno amamutcha mitumba. Belo limalemera pafupifupi makilogalamu 45 ndipo limafika pa doko la Mombasa. Amalitsegula m'bandakucha. Zovala zoyamba kusankhidwa amazitcha camera, ndipo zimapita kwa a mashopu. Zachiwiri zimapita kwa mavenda. Zotsalira, fagia, zimagulitsidwa mtengo umodzi pa mulu. Wotsegula belo wodziwa ntchito amafuna kuti camera yokha ibweze gawo lalikulu la mtengo wa belo. Ngati sizinatero, ndiye kuti belolo lamudya, chifukwa fagia sapulumutsa munthu. Amagula osaona za m'kati, ndiye chomwe amadalira ndi chizindikiro cha kampani yomwe inalongedza ndi kukhulupirika kwa womuodetsa. Msikawu wapsa kambirimbiri, ndipo katundu wambiri alibe inshulansi.

Pamene Gikomba inkakula, mafakitale a nsalu monga Kicomi ku Kisumu ndi Rivatex ku Eldoret ankagwa. Ife tili ndi mbiri yathu ya David Whitehead ku Blantyre. Rwanda itakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala ku America mopanda msonkho mu 2018, ndipo Kenya inali itabwerera kale m'mbuyo pa ganizo lomwelo.

Lachitatu, Githunguri

Tanyamuka kusanache chifukwa mkaka sudikira munthu. Githunguri ili m'chigawo cha Kiambu, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku Nairobi msewu ukakhala wopanda mdipiti. Kopaletivi ya alimi a mkaka ya kuno inayamba mu 1961 ndi alimi 31. Kwa zaka zambiri inkangosonkhanitsa mkaka n'kumagulitsa kwa ena. Mu 2004 inatsegula fakitale yakeyake, ndipo mkaka wake umagulitsidwa m'masitolo pa dzina la Fresha. Kumbukirani kuti boma la Kenya linamasula msika wa mkaka mu 1992, ndipo kampani ya mkaka ya KCC, yomwe inkagula mkaka wa dziko lonse, inagwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ili ndi ngongole kwa alimi. Amene anapulumuka ndi omwe anali ndi kwina kokaugulitsa.

Pa malo olandirira mkaka zinthu zimayenda motere. Mlimi amabwera ndi chigubu cha aluminiyamu. Cha pulasitiki sachifuna chifukwa mafuta a mkaka amakanirira m'timikwingwirima ta m'kati ndipo sichitsukika bwino. Wolandira amatsegula, kununkhiza ndi kuyang'ana mtundu. Kenako amaviika lactometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa mkaka: mkaka wabwino umawerenga cha pakati pa 1.028 ndi 1.032, ndipo ukatsika kuposa apo ndiye kuti mwathiridwa madzi. Chachitatu, amasakaniza mkaka pang'ono ndi mulingo wofanana wa sipiriti wa mphamvu ya 68 mpaka 72 peresenti. Ukachita zibuma, ndiye kuti wayamba kusasa, kapena ng'ombe ili ndi matenda a bere, kapena yangobereka kumene. Wodutsa mayeso umayezedwa pa sikelo, makilogalamu n'kulembedwa pa nambala ya mlimi. Uyenera kuzizira kufika madigiri 4 pasanathe maola awiri kapena atatu chikamireni.

Kukana mkaka wa mnzako amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi n'kovuta, koma chigubu chimodzi choipa chimawononga thanki yonse. Choopsa kwambiri ndi mkaka wa ng'ombe yomwe ikubayidwa mankhwala a antibiotic: pamaso ndi pa lactometer umaoneka bwinobwino, koma umapha tizilombo tosasitsa yogati, ndiye mgolo wonse sugwira. N'chifukwa chake mlimi amauzidwa kutaya kapena kusunga pambali mkaka wa masiku onse olembedwa pa botolo la mankhwala.

Minda ya kuno ndi yaing'ono kwambiri, ndiye ng'ombe sizipita kubusa. Zimakhala m'khola la simenti lokhala ndi pogona, podyera ndi pokamira. Ng'ombe ya Friesian yaikulu imadya nsenjere zodulidwa makilogalamu 50 mpaka 70 pa tsiku ndipo imatha kumwa malita opitirira 60 a madzi. Chakudya cha m'matumba chimaperekedwa potengera mkaka: pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita awiri alionse oonjezera pa omwe udzu wokha ungatulutse. Apa ndi pomwe alimi ambiri amaluzira osadziwa. Kupatsa ng'ombe ya malita 8 chakudya chofanana ndi ya malita 25 n'kutaya ndalama. Chakudya chachuku nacho chimatsitsa mkaka komanso poizoni wake amadutsa kulowa mumkaka.

Palinso kuluza kosaoneka. Ng'ombe iyenera kukamidwa pafupifupi masiku 305, kupuma masiku 60, n'kubereka chaka chilichonse. Imafuna nkhunzi masiku 21 alionse. Mlimi akaphonya zizindikiro, wataya masabata atatu akudyetsa popanda bere. Lamulo la obereketsa ndi jakisoni ndi lakuti yaonetsa m'mawa ibayidwe madzulo, yaonetsa madzulo ibayidwe m'mawa mwake.

Nanga n'chiyani chimaletsa mlimi kugulitsa kwa venda wa panjinga yamoto, amene m'chilimwe amapereka mtengo wokwera komanso ndalama yapamanja? Kopaletivi imalipira pamwezi, pa tsiku lodziwika. Pakati pa mwezi mlimi amatha kutenga chakudya cha ng'ombe, umuna wa nkhunzi ngakhale ufa ndi shuga ku sitolo ya kopaletivi pa ngongole, n'kudzadulidwa pa malipiro a mkaka. Ndalamayo imadutsa ku SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, komwe mbiri ya makilogalamu ake ndiyo chikole cha ngongole ya fizi. Venda sangapereke zimenezi, ndipo nthawi ya mvula mkaka ukachuluka venda amasowa.

Magulu a alimi a mkaka a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo ndi Chiradzulu ali ndi mathanki oziziritsira ndipo amayeza mkaka mofananamo. Kusiyana kuli pa fakitale: iwo amagulitsa mkaka wosaphika kwa makampani, ndiye mtengo amauzidwa. Koma ophunzira asathamangire kulemba kuti yankho ndi kumanga fakitale. Githunguri inadikira zaka 43, ili ndi mkaka wochuluka m'dera laling'ono, ndipo msika wa Nairobi uli pakhomo. Fakitale yolandira mkaka wochepera mphamvu ya makina ake imadyedwa ndi magetsi ndi malipiro.

Lachinayi, Murang'a

Tiyi wa malonda anayamba kulimidwa ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pomwe ku Kenya mbewu yoyamba inabzalidwa ku Limuru mu 1903. Lero Kenya ili patsogolo pa mayiko onse pogulitsa kunja tiyi wakuda, ndipo woposa theka amachokera kwa alimi ang'onoang'ono. KTDA, yomwe imayang'anira tiyi wa alimi ang'onoang'onowa, inakhazikitsidwa mu 1964 ngati bungwe la boma, n'kusanduka kampani mu 2000. Imayendetsa mafakitale pafupifupi 70 omwe eni ake ndi alimi oposa 600,000. Kwathu, ku Thyolo ndi Mulanje, tiyi wambiri ndi wa maesiteti, ndipo mlimi wamng'ono amagulitsa masamba ake ku fakitale ya esiteti.

Wothyola amatenga masamba awiri ndi kansonga. Pa shedi yogulira, masamba amayalidwa pansi kuti kalaliki aone ngati mulibe okhwima ndi timitengo, kenako amayezedwa pa sikelo yamagetsi yomwe imatulutsa lisiti pompo. Masamba akapanikizidwa m'thumba kapena galimoto ikachedwa, amatentha n'kufiira, ndipo tiyi wake amatuluka wopanda mphamvu.

M'fakitale masamba amafotetsedwa m'zikhwawa za waya zopitamo mphepo kwa maola 12 mpaka 18. Amalowa m'makina a CTC omwe amadula, kung'amba ndi kupota. Zophwanyikazo zimasiyidwa pa mpweya kwa ola limodzi kapena awiri mpaka zisinthe kuchoka kobiriwira kufika pa mtundu wa mkuwa. Zikapitirira, kukoma kumafa. Kenako zimaumitsidwa mpaka chinyezi chitsale pafupifupi 3 peresenti, n'kusefedwa m'magiredi: BP1, PF1, PD ndi D1. Pamafunika makilogalamu anayi ndi theka, kapena kuchepera pang'ono, a masamba kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi. Nkhuni za bulugamu zotenthetsera boyila ndi magetsi ndizo zimadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake mafakitale ena anasonkherana kumanga timalo topangira magetsi pa mitsinje yawo.

Mlimi amalipidwa kawiri. Mwezi uliwonse amalandira mtengo woyamba pa kilogalamu. Chaka chikatha, fakitale ikawerengera zomwe yapeza ku okushoni ya Mombasa n'kuchotsa zomwe yawononga, yotsalayo imagawidwa ngati bonasi cha mu Okutobala. Feteleza wa NPK 26:5:5 amaodedwa pamodzi ndipo amadulidwa pa malipiro. Bonasi imasiyana fakitale ndi fakitale, ndipo a kum'mawa kwa Rift Valley, monga kuno, kawirikawiri amaposa a kumadzulo. Choncho kuthyola mosasamala kwa mnzako kumakulowa m'thumba, ndipo alimi amalonderana okha.

Si zonse zili bwino. Madandaulo a alimi pa kayendetsedwe ka mafakitale ndi ndalama zodulidwa ndiwo anabweretsa lamulo latsopano la tiyi mu 2020. Mlimi wopanikizika amagulitsabe masamba kwa mavenda pa mtengo wapompo, n'kutaya bonasi. Ndipo tiyi wambiri amachoka m'matumba akuluakulu kupita ku Pakistan, Egypt ndi UK, komwe amakasakanizidwa ndi kuikidwa m'mapaketi. Phindu la paketi limatsala kumeneko, monga zimakhalira ndi tiyi wodutsa pa okushoni ya ku Limbe.

Lachisanu, Naivasha

Makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Nairobi, kutsetsereka m'chigwa cha Rift Valley. Maluwa a rozi amakonda kuno chifukwa cha dzuwa la chaka chonse, usiku wozizira wa pamalo okwera mamita pafupifupi 1,900, ndi madzi a m'nyanja ya Naivasha.

Duwa limadulidwa lisanatseguke, n'kuikidwa pompo mu ndowa ya madzi a mankhwala. Limazizira, kenako limasankhidwa potengera kutalika kwa phesi, masentimita 40, 50, 60 kapena 70, kukula kwa mutu ndi kusakhala ndi banga. Limamangidwa m'mitolo, kulongedzwa m'makatoni, n'kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 4. Galimoto yafiriji imapita nalo ku bwalo la ndege usiku, ndipo ambiri amakathera ku okushoni ya Aalsmeer ku Netherlands kapena m'masitolo a ku Ulaya. Katoni ikakhala padzuwa pa bwalo la ndege kwa ola limodzi, maluwa amachita thukuta, chuku cha botrytis n'kuyamba, ndipo wogula amadula mtengo katundu atafika kale. Kachilombo kamodzi koletsedwa kakapezeka pa chipata cha ku Ulaya, katundu yense amakanidwa.

Iyi si bizinesi ya wophunzira womaliza kumene sukulu. Imafuna mashedi a pulasitiki a mahekitala, ziphaso za ogula, ndi ndege zonyamula katundu usiku uliwonse. Mipata ya wamng'ono ili m'mbali: makatoni, mayunifolomu, kukonza mafiriji, kudyetsa antchito. Pobwerera tadutsa ku Olkaria, komwe nthunzi ya pansi pa nthaka yakhala ikupanga magetsi kuyambira 1981. Firiji ya maluwa ndi thanki ya mkaka zonse zimadalira magetsi osathimathima, ndipo wowerengera bizinesi yotere kwathu aikemo jenereta ndi dizilo kuyambira pa tsamba loyamba.

Loweruka, Nairobi

M'mawa tinapita ku malo ena a achinyamata opanga mapulogalamu a pakompyuta. Nairobi inatchuka ndi zimenezi malo otere otchedwa iHub atatsegulidwa mu 2010. Mwa zonse zomwe tinamva, chogwirika ndi njira yomwe kampani ya M-KOPA inatchukitsa: munthu amapereka dipoziti n'kutenga sola kapena foni, kenako amalipira pang'onopang'ono tsiku lililonse pa M-Pesa. Akasiya kulipira chipangizocho chimadzitseka, akamaliza chimakhala chake. Wogulitsa amakhala atagula katundu ndi madola lero, n'kumatolera mashilingi kwa chaka, ndiye ndalama ya dziko ikagwa pakati pa chakacho phindu limasungunuka. Amene akumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 awerengere yekha.

Masana, SACCO. Kuno chipereganyu ndi banki mkhonde amazitcha chama, ndipo SACCO ndi sitepe yotsatira: yolembetsedwa, ndipo zazikulu zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la SASRA potsatira lamulo la 2008. Ngakhale maminibasi, omwe ndi matatu, amayenera kukhala mu SACCO kapena kampani kuti apatsidwe chilolezo cha msewu. Membala amasunga mwezi uliwonse, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi amatha kubwereka kuwirikiza katatu zomwe wasunga. Wasunga 50,000, abwereka 150,000. Gawo lomwe ndalama zake sizikuphimba, 100,000, liyenera kusainiridwa ndi mamembala anzake, ndipo akathawa, zosunga zawo ndizo zimadulidwa. Pofunsa chiwongola dzanja, funsani ngati chikuwerengedwa pa ngongole yotsala kapena pa yonse yoyamba: 1 peresenti pamwezi pa 120,000 yobwezedwa mofanana kwa miyezi 12 imakwana 7,800 pa njira yoyamba, koma 14,400 pa yachiwiri. Ma SACCO amagwa atsogoleri akamadzibwereketsa okha osabweza, akaika zosunga za mamembala m'nyumba ndi malo zomwe sizigulitsika msanga, kapena olemba ntchito akadula malipiro a antchito koma osatumiza ndalamazo.

Ndege ndi ya mawa m'mawa. Amene ali ndi ndalama yotsala mu M-Pesa aitape lero kwa ejenti wa m'tauni, komwe kabati imakhala yodzaza madzulo, ndipo atenge pasipoti yomwe analembetsera layini. Tiyi wogula ku fakitale alongedzedwe kutali ndi sopo, chifukwa amakoka fungo.